Ndinachitira Nsanje Azakhali a pa Wailesi

Dzina langa ndine Nellie, mkazi wa a Elifasi Chikoti a ku Namitete. Ngati munakhalako kuno kumadzulo kwa Lilongwe zaka zapitazi, dzinalo mukulidziwa, ndipo mwina mwayamba kale kuseka. Sekani ndithu, koma mumveko mbali yanga, chifukwa nkhaniyi m'maminibasi aiwonjezera tsabola wambiri. Ena amati ndinapita ku wailesi ndi chikwanje. Limenelo ndi bodza. Inali ambulera.

1

Pamene ankandikwatira, a Chikoti analibe wailesi. Anali ndi njinga yakapalasa, batire la galimoto, ndi chimkuzamawu chimene anagula motchipa ku mpingo wina umene unagawikana pakati. Tsiku la msika ku Msundwe ankazungulira nacho akulengeza maliro, mbuzi zosowa ndi ana osochera. Mayi anga sankawafuna n'komwe.

"Anzako akukwatiwa ndi alimi a fodya," ankatero, "iwe wasankha munthu wofuula."

Koma munthu wofuulayo anali ndi msuweni wake, a Timothy, amene ankakonza mawailesi ndi mafoni pakhonde la golosale ina pa Namitete. Awiriwa anakhala miyezi akulumikiza mawaya ndi kupsa zala, mpaka tsiku lina a Chikoti anatsokomola m'chipinda mwathu, chifuwacho n'kumveka mu wailesi ya aneba. Umu ndi mmene inabadwira Chisekese FM.

Anachita lendi kachipinda kuseri kwa chigayo. Makoma anawamata mathireyi a mazira kuti mawu asamabwerere, ndipo mlongoti woyamba unali mtengo wa bulugamu womangirira waya kunsonga. Chigayo chikalizidwa, omvera ankamva ngati nkhani zikuwerengedwa m'mimba mwa ng'ombe. Mawuwo ankafika pamlatho n'kuthera pomwepo, moti munthu wofuna kumva mathero a nyimbo ankaimitsa kabaza asanawoloke. Chiphaso chaboma a Chikoti anachiyendera ku tauni mpaka zidendene za nsapato kutha, koma anabwera nacho.

Ine ndinali wantchito woyamba. Ndinkasesa, ndinkaphika tiyi, ndipo kwa kanthawi ndinawerengako moni wa omvera. Anandichotsa chifukwa ndinkangopereka moni kwa abale anga a ku Nambuma, kumene wailesiyo sinkafika n'komwe.

Zaka zoyambirira tinkangokwawa. Otsatsa malonda okhulupirika anali awiri, sing'anga wina wa ku Msundwe ndi kalipentala wokhoma mabokosi a maliro. Awiriwa ankakangana sabata ndi sabata, chifukwa sing'anga sankafuna kuti uthenga wa mabokosi uzibwera uthenga wake ukangotha.

Tikanakhalabe kuseri kwa chigayo mpaka lero pakanapanda Azakhali Bertha.

2

Pulogalamu yawo inkatchedwa Tulani Mtolo, ndipo inkauluka Lachinayi masana. Amayi ankaimba foni osatchula maina awo enieni, n'kufotokoza zowawa za m'banja, Azakhali n'kuwalangiza. Mawu awo anali ofewa, otulukira pang'ono m'mphuno, ndipo aliyense ankamuitana kuti "mwanawe," ngakhale agogo opanda mano. Akaseka, unkamva kuti mayiyu anaziona zambiri pa dziko.

Mayi wina anadandaula kuti mwamuna wake akagulitsa fodya amasowa mpaka ndalama zitatha.

"Mwanawe," anatero Azakhali, "chaka chino ukakwere naye lole yomweyo. Ukakhale pamwamba pa mabelo. Akakufunsa, uti ukuopa kuti fodya angagwe."

Chaka chimenecho malole anapita ku okushoni atanyamula amayi pamwamba, ndipo nyumba zambiri zinafoleredwa malata.

Lachinayi ndi tsiku la misonkhano ya amayi m'mipingo, koma misonkhano inayamba kutha msanga. Kwaya ya pa parishi inasintha tsiku lophunzira nyimbo. Ngakhale mwini chigayo ankazimitsa injini pulogalamu ikayamba, chifukwa panalibe wobwera kudzagayitsa. Ogulitsa feteleza, mbewu, sopo ndi malata anayamba kulimbirana malo. Sipanapite zaka zambiri, tinamanga nyumba yathuyathu ya wailesi m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji, ndi mlongoti wachitsulo wooneka kutali. Mawu anawoloka mlatho, anafika ku Nsaru, ku Kabudula, ku Mpingu, ku Njewa, mpaka ku Nambuma kwathu. Tinalemba owerenga nkhani, atolankhani a njinga zamoto ndi mlonda wa yunifolomu. Mayi anga anayamba kunena kuti "mkamwini wanga wa wailesi."

Koma Azakhali Bertha panalibe anawaonapo. Lachinayi likafika, antchito onse ankauzidwa kuti akapume. A Timothy ankakhala pa makina kunja kwa situdiyo, makatani ankatsekedwa, chitseko n'kukhomedwa. M'katimo munkatsala Azakhali ndi amuna anga, amene ankati amawathandiza kulandira mafoni.

Tsiku lina tikudya ndinafunsa.

"Bambo a Yankho, kodi Azakhaliwa amakhala kuti?"

"Kutali."

"Bwanji osabwera nawo kuno adzamwe tiyi?"

"Ndi munthu wamanyazi."

"Amalowera pati poti palibe amawaona?"

"Khomo lakumbuyo."

"Nyumba ija ilibe khomo lakumbuyo."

Anatafuna nthawi yaitali. "Amalawirira," anatero, n'kupempha madzi.

3

Amene ananditsegula maso, kapena ndinene kuti amene ananditseka maso, anali Lilian, mnzanga wapamtima, wapampando wa amayi mu mphakati wathu. Lilian ndi mayi wathupi, wamasiye, ndipo sanayambe wakayikirapo maganizo ake.

"Nellie, iwe ndiwe mwana eti?" anandifunsa tikusenda mtedza. "Mwamuna akudzitsekera m'chipinda ndi mkazi sabata iliyonse, makatani otseka, iwe uli phee kuno ukumvera pa wailesi n'kumaseka nawo."

"Ndi nkhalamba."

"Unaiona?"

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuona zinthu. Lachinayi a Chikoti ankabwera ali thukuta lokhalokha, mawu atasasa, n'kupempha tiyi wa ndimu ndi uchi. Duku langa lobiriwira, limene ndinkalikonda kwambiri, linasowa pa chingwe. Chodabwitsa koposa, munthu amene chikwatirane sanandigulireko ngakhale mpango anayamba kubwera ndi mphatso. Anabweretsa chitenje chodula cha zithunzi za nkhanga, mafuta onunkhira, ndi nsapato zokongola koma zazikulu kwambiri moti ndinkaika mapepala kutsogolo.

"Ndi chikumbumtima chimenecho," anatero Lilian. "Akukutseka pakamwa."

Ndinaganiza zomuyesa mkaziyo. Lachinayi lotsatira ndinabwereka foni ya Lilian, ndinalowa m'khitchini, n'kuimba. Ndinafuna ndimve ngati mawu ake anganjenjemere.

"Tulani mtolo, mwanawe. Tikulankhula ndi ndani?"

"Nachisale, wa ku Kabudula."

Kunamveka kachifuwa. "Lankhula, Nachisale."

"Azakhali, amuna anga amadzitsekera m'chipinda ndi mkazi wina kuntchito kwawo. Ine ndikuganiza kuti ndi chibwenzi. Mkazi wotereyu, wolowerera banja la mwini, mungamuuze chiyani?"

"Mwanawe, mtima uli m'malo. Mwamuna wakoyo ndi munthu wabwino."

"Mwamudziwa bwanji?"

"Ndikumumva m'mawu akowo. Ndi wolimbikira ntchito, wofatsa, ndipo ndikukhulupirira kuti ndi wooneka bwino."

"Ali ndi dazi."

"Dazi si matenda. Tamvera, mwamuna wotere amatopa. Lero akabwera usamufunse mafunso. Umuphere nkhuku."

Ndinadula foni mtima ukuwira. Mkaziyu sananjenjemere, ndipo ankawatamanda amuna anga dziko lonse likumva. Koma ndikuuzeni zoona, abale anga, nkhukuyo ndinapha. Nthawi imeneyo mawu a Azakhali Bertha sankatsutsidwa, ndipo ngakhale ine amene ndinkadana nawo ndinaopa kuti ndikapanda kumvera ndiona tsoka. A Chikoti anadya mwakachetechete, akundiyang'ana mwachifundo, mpaka anaphwanya mafupa.

Ndinaimbanso kangapo, nthawi iliyonse ndi dzina lina ndi mudzi wina. Ndinakhalapo Nabanda wa ku Nsaru, ndinakhalapo Nangozo wa ku Mpingu. Amayi ena onse ankalandira malangizo osiyanasiyana, ena ankauzidwa kuti apite kwa ankhoswe, ena kuchipatala, ena kupolisi. Ine ndekha yankho linali nkhuku. Tsiku lina Azakhali anawonjezera kuti ndisaiwale tsabola. Khola langa linayamba kuoneka lalikulu.

4

Kenako kunabwera a Harold Mkanda. Anali mwini masitolo a zipangizo za ulimi ndi malole ku Njewa, bambo wamkulu thupi, wovala jekete ngakhale mu Okutobala, ndipo akazi awo anali atamwalira zaka zingapo m'mbuyomo. Ndiwo ankatsatsa malonda kwambiri pa Chisekese FM, ndipo ankaumirira kuti uthenga wawo uziuluka mkati mwa Tulani Mtolo basi.

A Harold ananena kuti akufuna kugula wailesi yonse, nyumba, mlongoti ndi dzina lomwe. A Chikoti anali atatopa. Makina ankafuna atsopano, antchito ankafuna malipiro okwera, ndipo mawailesi akuluakulu a m'tauni anali atayamba kutilanda omvera achinyamata. Anavomera kukambirana, ndipo anawaitanira kunyumba.

Ndinavala chitenje changa cha nkhanga polandira mlendo. Nditagwada kupereka moni, a Harold anayang'ana chitenjecho, kenako anandiyang'ana ine. A Chikoti atatuluka kukayankha foni, bamboyo anaweramira kwa ine.

"Chitenjechi chakukhalani, mayi."

"Zikomo."

"Nanga nsapato zinakukwanani?"

Ndinadabwa kuti adziwa bwanji za nsapato, koma ndinayankha mwaulemu kuti zinakula.

"Pepani. Ndinkaganiza kuti munthu wa mtima waukulu chonchi ali ndi phazi lalikulunso." Anatsitsa mawu. "Musaope. Chinsinsi chanu ndachisunga."

Ndinaganiza kuti bamboyo ali ndi vuto la shuga.

Zokambirana zinayenda bwino kupatula mfundo imodzi. A Harold anati pa tsiku losainirana, Azakhali Bertha adzaonekere pamaso pawo, adzagwirane chanza, chifukwa iwo sangagule ng'ombe yosaiona. A Chikoti anati Azakhali akudwala miyendo. A Harold anati adzatumiza galimoto. A Chikoti anati Azakhali amasanza m'galimoto. A Harold anati adzabwera okha wapansi. Kuyambira tsiku limenelo amuna anga anasiya kudya, ngakhale nkhuku.

Ine ndinkati akudandaula kuti chibwenzi chawo chiwululika.

Lachinayi lina masana ndikuchokera kumsonkhano wa amayi ndi Lilian ndi anzathu ena, galimoto ya a Harold inaima pafupi nafe pamsika wa Namitete. Anatsika, anavula chipewa, n'kundiitanira pambali. Kenako anayang'ana wotchi yawo modabwa.

"Simuchedwa kodi? Pulogalamu yatsala pang'ono kuyamba."

"Ndikamvera kunyumba."

Anaseka mwachikondi. "Azakhali, kwa ine musabise. Ndikudziwa kuti muli pabanja, ndipo ndikulemekeza zimenezo. Sindikupemphani kanthu. Ndikugula wailesiyi kuti mawu anu asadzazime, basi. Chimwalirireni mayi a kunyumba, ndi mawu anu okha amene amandigonetsa tulo."

"Azakhali ake ati? Ine ndine mayi Chikoti."

"Nanga chitenje mwavalachi? Ndinachisankha ndekha ku tauni. Mafuta onunkhira, nsapato, zonse ndinkapatsira a Chikoti kuti akapereke kwa Azakhali Bertha, pamodzi ndi ndakatulo zanga."

Pa nthawi yomweyo wailesi ya m'galimoto mwawo inalira kanyimbo koyambira, ndipo mawu aja anamveka. "Tulani mtolo, ana anga, Azakhali anu afika."

A Harold anayang'ana wailesi, anayang'ana pakamwa panga potseka, nkhope yawo n'kugwa. Ine zanga zinali zina. Ndinazindikira kuti miyezi yonseyi ndakhala ndikuvala makombo a mkazi mnzanga. Zimene iye wazikana, amuna anga ankanditolera ine, ine n'kumapita nazo ku Misa monyada.

"Lilian," ndinaitana, "uza amayi akwere."

A Harold sanafunse kuti tikupita kuti. Nawonso ankafuna kuona.

5

Tinafika pa wailesi amayi atadzaza kumbuyo kwa galimoto, ena atanyamulabe mabuku a nyimbo. Mlonda atationa anapita kukayang'ana chinachake kuseri kwa mlongoti. M'kati tinapeza a Timothy pa makina, zomvera zili m'makutu, ndipo pamwamba pa chitseko cha situdiyo babu lofiira linali likuyaka.

"Alamu, chonde, tili pa mphepo," ananong'ona, atatambasula manja pakhomo. "Dikirani ithe, ndikufotokozerani zonse."

Lilian anawagwira m'mapewa, anawabwezera pampando, n'kuwakhalira pamiyendo. A Timothy ndi munthu wochepa thupi. Sanathenso kufikira batani lililonse, ndipo ichi ndicho chifukwa chake zonse zotsatira zinamveka kuyambira ku Njewa mpaka ku Nambuma.

M'chipindamo Azakhali anali akulangiza mayi wina za mwamuna wake woledzera. Ndinagogoda ndi ambulera. Palibe anatsegula. A Harold anati ndipatuke, anatsamira chitseko ndi phewa, loko n'kuthyoka.

Munali munthu mmodzi. Anali atakhala pampando kutsogolo kwa maikolofoni, atamanga chitenje mpaka pachifuwa pamwamba pa malaya ndi tayi. Kumutu anali atamanga duku langa lobiriwira. Pamphuno anali atapanapo pegi yoyanikira zovala. Anali a Chikoti.

Mutu wanga unakana. Ndinasuzumira pansi pa tebulo. Ndinakankha makatani. Ndinatsegula kabati ya mawaya n'kubayamo ndi ambulera.

"Ali kuti? Mwamubisa kuti?"

A Chikoti anatsegula pakamwa, koma chifukwa cha mantha anaiwala kuchotsa pegi ija.

"Mwanawe," anatero, "khala pansi."

Anali mawu omwe aja, ofewa, otulukira m'mphuno. Amayi amene anadzaza pakhomo anangoti kakasi. Wina anagwetsa buku la nyimbo.

"Bambo a Yankho," ndinatero, "ndinu?"

Anachotsa pegi. "Ndine, mayi a Yankho."

"Nachisale wa ku Kabudula munamuzindikira?"

"Pa moni pomwe."

"Nabanda wa ku Nsaru?"

"Tambala wathu ankalira kumbuyo."

"Ndiye nkhuku zanga zonse zija munkadzilamulira nokha?"

Anangoyang'ana pegi ili m'manja mwawo. Apa ndi pamene ambulera inagwira ntchito, koma ndinamenya tebulo, osati munthu. Kapu ya tiyi wa uchi ndiyo inavulala.

A Harold anali atakhala pansi penipeni, jekete lili fumbi, miyendo atatambasula ngati mwana.

"A Chikoti," anafunsa motsitsa, "ndakatulo zanga zija ankawerenga ndani?"

"Ndinkawerenga ndine, achimwene."

"Zonse?"

"Zonse. Ija yonena za maso anga inandikhudza kwambiri."

Kenako tinamva kamawu kochokera pa foni ya situdiyo. Mayi woimba uja anali adakali pa mzere.

"Halo? Azakhali? Ndiye mwamunayu ndimusiye kapena ndisamusiye?"

Ndinaweramira pa maikolofoni. "Mayi, panopa musafunse aliyense. Amuna onse ndi ofunika kuwafufuza kaye."

Pomwepo a Timothy anapulumuka pansi pa Lilian n'kuika nyimbo ya kwaya.

6

Tsiku lomwelo ndinanyamula chikwama n'kupita kwa mayi anga ku Nambuma. Ndinapeza nkhani yafika kale, popeza mayi anadzimvera okha pa wailesi. Mayi sanandifunse kanthu. Anangoti, "Ndinkanena ine za munthu wofuula," kenako anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka.

Ku Namitete kunali moto. Amayi anakwiya kuti zaka zonsezi akhala akuulula za kuchipinda kwa mwamuna wadazi. Anapita pa wailesi gulu, akuimba nyimbo zonyoza, ndipo a Chikoti anathawira pa zenera. Abambo anaseka masiku awiri oyamba, kenako anakumbukira kuti amene anatuma akazi awo kukwera pa mabelo a fodya anali mwamuna mnzawo, nawonso n'kukwiya. Otsatsa malonda anayamba kuchoka mmodzimmodzi. Anatsala kalipentala wa mabokosi yekha, amene anati akuona kuti ntchito ingapezeke posachedwa.

Patapita sabata a Chikoti anabwera ku Nambuma ndi ankhoswe. Anali ataonda, kolala ya malaya ikuzungulira khosi. Tisanakhale pabwalo ndinawatengera kuseri kwa nkhokwe kuti andiuze ndekha.

Anati poyamba penipeni analembadi mayi wina wa ku Msundwe kuti aziyendetsa pulogalamuyo. Tsiku loyamba mayiyo ataona babu lofiira layaka, anauma pakamwa, anatuluka ngati akupita kuchimbudzi, osabwereranso. Wogulitsa sopo anali atalipira kale. A Timothy anatola pegi pawindo, ndipo a Chikoti anati angotseka dzenje la tsiku limodzi. Mafoni sanasiye kulira kuyambira pamenepo.

"Nanga duku langa?"

"Popanda duku mawu sabwera bwino. Ndinayesa chipewa, zinakanika."

"Ine mkazi wanu, munalephera kundiuza?"

Anakanda nkhokwe ndi chala.

"Mayi a Yankho, ine ndakhala ndikulankhula moyo wanga wonse. Pamsika ndinkafuula, anthu ankangomva za mbuzi. Kunyumba ndikayamba kulankhula mumati ndikusokosa ngati chigayo. Koma ndikamanga duku lija, anthu ankakhala chete n'kumvetsera. Inunso munkamvetsera. Ndinkaopa kuti mukadziwa, mudzasiya."

Ndinafuna kukwiyabe, koma zinandivuta. Ndinakumbukira kuti pa mafoni anga onse aja, kupatula za nkhuku, Azakhali ankandiuza mawu amene a Chikoti sanandiuzepo ndi pakamwa pawo. Tsiku lina anati, "Mwamuna wakoyo akakuyang'ana amaona kuti anachita mwayi, koma ndi wopusa, sadziwa kunena." Ine nthawi imeneyo ndinkati mkaziyo akundinyogodola.

Ankhoswe anagamula mwachidule. A Chikoti abweze nkhuku, agule duku latsopano, ndipo asadzavalenso chovala changa chilichonse popanda kupempha. Ine ndinauzidwa kuti ndikapepese a Timothy, amene ankayendabe motsimphina.

Mkwiyo wa amayi unazizira pang'onopang'ono, ndipo anauziziritsa ndi Lilian yemweyo. Pamsonkhano wina anaimirira n'kufunsa ngati pali mayi ngakhale mmodzi amene chinsinsi chake chinamvekapo kunja. A Chikoti ankazindikira mawu a theka la amayi a m'derali, ankakumana nawo kutchalitchi ndi kumsika, koma sanatulutsepo liwu, ngakhale kwa ine.

"Tinene zoona," anatero Lilian, "akanakhala mmodzi wa ife, bwenzi Nsaru yense akudziwa."

Palibe anatsutsa.

Tonse tinkati malonda a wailesi afa. Tinadabwa a Harold atatumiza uthenga kuti agulabe, ndipo mwamsanga. Pa tsiku losainirana anabwera atavala magalasi akuda, sanamwe tiyi, ndipo a Chikoti sanawayang'ane kumaso. Ine ndinalimba mtima n'kuwafunsa chifukwa chake akugula wailesi yopanda Azakhali.

"Mayi," anatero, "anyamata anu owerenga nkhani ayamba kale kutchula ndakatulo zanga pa pulogalamu ya m'mawa. Mwini wailesi ndiye amasankha nkhani. Ndikufuna dzina langa lizimveka pa malonda a feteleza basi."

Anasaina, a Chikoti anasaina, ndipo Chisekese FM, imene inayambira pa njinga yakapalasa, inachoka m'manja mwathu. Amuna anga anapempha kuti atsanzike omvera. Analankhula ndi mawu awoawo, anathokoza a Timothy, anathokoza mwini chigayo, anapepesa amayi onse. Pomaliza mawu anawathera, ndipo anangotseka maikolofoni. Potuluka anasisita chitseko chothyoka chija ngati akutsanzika mwana.

Lero wailesiyo ili ndi dzina lina. A Timothy ndiwo akuiyendetsa, ndipo ikumveka mpaka ku Mchinji. Lachinayi masana amaika nyimbo zachisoni zokhazokha, mwa lamulo la mwini wake. A Harold anakwatira chaka chatha. Anakwatira Lilian, amene anawatsimikizira kuti iye ndi mkazi weniweni ndipo mboni zilipo.

Ife tinatsegula kagolosale pa Namitete pomwepa, ndipo timalima mtedza. Koma sabata siitha popanda mayi wina kubwera kudzagula machesi, n'kumazungulirazungulira mpaka makasitomala atatha, kenako n'kundinong'oneza kuti, "Kodi abambo alipo?" Ndimawalowetsa kuseri, ndimawaikira mipando iwiri, wa a Chikoti utayang'ana kukhoma, chifukwa amayiwo amati akawaona nkhope mawu sabwera. Ine ndimakhala pakhomo kulondera. Sindimva nsanje. Ndimalandira ndalama ya machesi.

Abale anga owerenga, ine ndinataya tulo, ndinataya ulemu pamaso pa dera lonse, ndipo ndinathandiza kugwetsa ntchito imene tinaivutikira zaka zambiri, zonsezi chifukwa cholimbana ndi mkazi amene kunalibe. Ndikanakhala pansi ndi amuna anga n'kuwamvetsera mpaka amalize, mwina akanandiuza okha. Inu abambo, ngati muli ndi mawu abwino onena kwa akazi anu, anenereni patebulo ndi mphuno yotsegula, musadikire kuti mudutsire pa mlongoti. Ndipo inu amayi anzanga, mavuto a m'banja alipo, ndipo kufunsa nzeru si kulakwa. Koma musanaimbe foni kwa mlangizi aliyense wa pa wailesi, yambani mwasuzumira panja, muone kaye kumene kuli amuna anu.